MGA 1500 ya 1958: ma side screen ndi denga la nsalu, tiyambire pati?

Roadster58:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Galimoto ndi MGA 1500 roadster ya 1958, ya ku Britain ya denga la nsalu lopinda, chiwongolero chili kumanja. Penti yatha, injini ikulira bwino, chatsala ndi zotchingira mvula. Ma side screen, mawindo ochotseka a pa zitseko, onse awiri alipo, aja okutidwa ndi nsalu okhala ndi kachitseko kotukula m'munsi. Pulasitiki yake yafiira ngati tiyi wopanda mkaka ndipo yang'aluka m'makona. Nsalu yafufuma apa ndi apo, ukasindikiza ndi chala mkati mukumveka khwesekhwese. Denga lakale linafupika, silifikanso pa galasi lakutsogolo, ndipo felemu yake ikulimba popinda. Ndimati ndiyambe ndi ma side screen poti ndi ang'onoang'ono, ndiwapereke kwa telala sabata ino, denga lidzabwere pambuyo. Nsalu ndigule yochuluka bwanji? Nanga pulasitiki ya mtundu wanji?

Telala wa Matenti:
Achimwene, asapite kaye kwa telala. Pa zotchingira mvula zonse, side screen ndiyo yomaliza kusokedwa, chifukwa ilibe muyezo wakewake. Imatsatira zinthu zitatu zoizungulira: mlomo wa chitseko pansi, mzati wa galasi kumaso, ndi mkombero wa denga pamwamba ndi kumbuyo. Chimodzi mwa zitatuzi chikadzasuntha mutasoka kale, nsalu ija yapita.

Zitseko ziyambe zakhala bwino pa mahinjesi ndi pa loko. Kenaka galasi lakutsogolo, kenaka felemu ya denga ndi thabwa lake lakutsogolo, kenaka nsalu ya denga. Denga likhale chikwezere masiku angapo. Apo m'pamene mumayesa mafelemu a side screen ali opanda nsalu, chitsulo chokhachokha. Makina osokera amabwera kumapeto penipeni.

Choti muchite sabata ino n'kuvula imodzi yokha. Inayo muisiye mmene ilili, ikhale mboni yosonyeza kumene msoko umadutsa ndi mmene milomo inapindidwira. Jambulani mbali zonse musanagwire lezala. Dulani ulusi wokha, nsalu ayi, ndipo chidutswa chilichonse mulembepo ndi choko: kunja, mkati, kutsogolo. Koma zidutswa zimenezi musadulire nazo nsalu yatsopano. Zinafota kalekale ngati denga lanulo. Patani yeniyeni idzatengedwa pa galimoto.

Khwesekhwese uja ndi dzimbiri. Madzi amalowera m'mabowo a singano, nsalu n'kuwasunga pa chitsulo zaka ndi zaka.

Sipanala 7/16:
Ndiwonjezere pa galasi lakutsogolo, poti ambiri amalitenga ngati silisuntha. Mizati yake imalowa m'bodi n'kumangidwa ndi mabawuti, ndipo pamabowo pali kampata kokwanira kuti galasi ligonere kumbuyo kapena liimirire pang'ono. Galimoto ikachoka kopentedwa, kawirikawiri mbali ziwirizi sizifanana. Tengani tepi, yezani kuchoka pa nsonga ya mzati kufika pa kona yakumbuyo ya mpata wa chitseko, kumanja ndi kumanzere. Kusiyana kukapitirira mamilimita 3, masulani mabawuti a mizati pamodzi ndi a zogwirira zija za pa ngodya, chifukwa pa MGA zogwirira zimenezo n'zimene zimachirikiza galasi. Osakankha felemu zili zomanga, galasi limathetheka kuyambira pakona. Labala wa pansi pa felemu musinthiretu panopa. Akakhala wouma, mvula imadutsa pansi n'kudonthera pa maondo, inu n'kumanamizira side screen.

Side screen ya MGA imakhala pa malo awiri basi: pini yakumbuyo yolowa mu soketi ya pa mlomo wa chitseko, ndi bulaketi yakutsogolo yomangidwa ndi nati ya zala mkati mwa chitseko. Soketi ikakula chifukwa chodyeka, felemu imagwedera ngakhale muisoke mokongola bwanji. Muone zimenezo kaye.

Pa felemu yovulayo: bulashi ya waya kapena mchenga wopopera, mpaka chitsulo chioneke. Mpiringidzo wam'munsi ndi umene umadyeka kwambiri. Ukapyapyala kufika theka la mmene unalili, dulani muikepo wina wa muyezo womwewo. Powotcherera, panani felemu pa thabwa lafulati ndipo muziwotcha timadontho, uku ndi uku, kudikira kuti pazizire. Mukawotcha msoko wautali kamodzi, felemu imapotoka ngati chikumba chouma padzuwa. Msoko muupale ukhale fulati, chifukwa kachotupa kalikonse kadzaonekera pa nsalu.

Kachitseko kali ndi sipuling'i yokabweza. Ikhale yatsopano kapena yotsukidwa bwino musanakute, chifukwa pa roadster chogwirira chakunja palibe. Munthu amatukula kachitseko, n'kupisa mkono kukoka chingwe cha mkati mwa chitseko. Ndiye kachitseko kameneka kamagwira ntchito nthawi iliyonse mukulowa.

Roadster58:
Zikomo akulu. Nati ya zala ya kumanzere inasowa. Ndayesa ya mamilimita, M6, ikulowa kawiri n'kulimba. Ndiikakamize?

Sipanala 7/16:
Ayi bambo, chotsani. MGA ndi ya mainchi, mabawuti ake ambiri ndi UNF. Bawuti ya 1/4 UNF ndi mamilimita 6.35 ndipo ili ndi mano 28 pa inchi, pamene M6 ili ndi dzino limodzi pa milimita. Zimagwirana poyamba, kenaka n'kudyana. Yezani mano ndi geji, kapena tengani nati ya kumanja muyese nayo, ndipo muitanitse yofanana nayo. Ogulitsa zipangizo za MG ku Britain monga Moss Europe amakhala ndi tizitsulo timeneti. Pa tisikuluwu ting'onoting'ono samalaninso: 10-32 UNF, 2BA ndi M5 zimaoneka ngati ana a mimba imodzi koma si chinthu chimodzi.

Kalipentala:
Pa denga, yambirani pa thabwa lakutsogolo, header rail. Pa MGA ndi la mtengo, lokutidwa ndi nsalu, ndipo limakhala pa zikhomo ziwiri za pamwamba pa galasi, n'kumangidwa ndi mabawuti a makutu. Livuleni, mulibaye ndi sikuludiraiva kumapeto konse kuwiri ndi pamene panali misomali. Ikalowa ngati m'mbatata yophika, thabwalo latha. Ngati ndi mabowo akale okha, thirani guluu wa epoxy, khomanimo timitengo tosongola, mudule, mupale.

Mukafuna kusema latsopano, ku Britain amakonda ash kapena beech. Amene muli ku South Africa kapena kumudzi, mlombwa umene Azungu akumeneko amati kiaat ndi wabwino, sufota kwambiri ukauma. Paini ayi, sagwira msomali. Thabwa lili ndi mapindikidwe awiri, limakhota kutsatira galasi ndiponso limakwera pakati. Liyeseni pa galasi lili lopanda nsalu: mpata wa pansi pake ukhale wofanana kuchoka uku kufika uko, wokwanira labala kapena nsalu yotsekera mphepo. Pakani vanishi kawiri mbali zonse, makamaka kumapeto kumene mtengo umamwera madzi.

Felemu yachitsulo yolimba popinda: mafuta osungunula dzimbiri pa mfundo iliyonse, isiyeni usiku, mawa muziipinda pang'onopang'ono anthu awiri, wina uku wina uku. Munthu mmodzi akamakoka mbali imodzi ndiye amaipotola. Mukaipenta, mfundozo muike kadontho kamodzi ka oyilo n'kupukuta. Girisi ayi, amadzadetsa nsalu mkati.

Telala wa Matenti:
Tibwere ku nsalu ya denga. Denga lonse musasoketse kwa telala amene sanasokepo la MGA. Lili ndi zidutswa zingapo zokhota ndi mawindo akumbuyo, ndipo losoka kale limagulitsidwa. Onani lakalelo ngati lili ndi windo limodzi kapena atatu, poti ma 1500 oyambirira anali ndi limodzi, am'mbuyo mwake atatu.

Nsalu zilipo za mitundu itatu. Vinilo wa mtundu wa Everflex, amene ndi PVC pamwamba pa nsalu, ndiye wofanana ndi wa nthawi imeneyo, amatamuka akafunda ndipo savuta kutsuka. Double duck ndi kanvasi ya thonje, imafota ndiponso kufwifwa msanga. Mohair, dzina lokha, ubweya wa mbuzi mulibe: kunja ndi acrylic, pakati labala, mkati nsalu ina. Imaoneka bwino koma sitamuka kwenikweni, ndiye mukalakwitsa muyezo simungaikoke kuti ibise cholakwacho. Kwa woyamba kumene, vinilo.

Kaikidwe kake. Sankhani tsiku lofunda, yalani denga padzuwa theka la ola kapena ola kuti lifewe. Ndi choko lembani pakati penipeni pa denga kutsogolo ndi kumbuyo, pakati pa thabwa, ndi pakati pa bodi kumbuyo. Malamba olumikiza nthiti za felemu akhale atsopano ndi ofanana kutalika, chifukwa ndiwo amaimika nthiti pamalo pake. Nthiti yakumbuyo igwere pa msoko wa pamwamba pa windo. Ikaphonya msokowo, windo limachita makwinya amene sadzatha.

Yambani kumbuyo. Mpiringidzo wa m'mphepete mwa denga kumbuyoko ukole pa ngowe ziwiri za pa bodi. Kenaka mabatani a m'mbali, limodzi kumanja limodzi kumanzere, kuchoka kumbuyo kubwera ku chitseko. Mukatero kokerani kutsogolo, thabwa lili pa zikhomo zake, mulembe ndi choko pamene nsalu yakumana ndi mlomo wa thabwa. Tukulani thabwa, mupititse mzere wa choko uja mamilimita 5 mpaka 10 kupyola mlomo, mugwirize ndi timisomali titatu kapena tisanu tosakhomeratu, mutsekenso muone. Mukakhutira m'pamene mumapaka guluu ndi kukhomeratu, kuyambira pakati kupita kumapeto. Timisomali timabisika ndi lamba uja wotchedwa hidem, wotseguka pakati. Nsalu yotsala muidule pomaliza.

Mayi wa Upholstery:
Apo pa dzuwa ndichenjezeko, bambo Telala. Ku Britain kumene malangizo amenewa anachokera, vuto lawo n'kupeza tsiku lofunda. Kwa amene galimoto ili ku Durban, ku Johannesburg kapena kwathu m'mwezi wa October, vuto n'losiyana. Vinilo wakuda akakhala padzuwa la masana amafewa mopitirira, munthu n'kumukoka ngati chingamu. June akafika m'mawa kukuzizira, denga silifikanso pa zikhomo, munthu n'kulimbana nalo mpaka msoko kuthetheka. Ikani cha m'ma 9 koloko m'mawa kapena pamthunzi, nsalu ikhale yofunda m'manja koma yosaotcha. Kukakhala kotentha, tengani mamilimita 5 aja, osati 10.

Guluunso. Contact wamba wa nsapato amasungunuka denga likatentha, komanso mafuta ofewetsa PVC amatuluka n'kumusandutsa phala lomata. Funsani contact wopirira kutentha, wa denga la galimoto. Pakani mbali zonse ziwiri mopyapyala, dikirani mphindi 10 mpaka 15 kufikira chala chisamatuke ndi guluu, m'pamene mugundanitse. Mukafulumira, thina wotsekeredwa mkati amafufumitsa vinilo.

Telala wa Matenti:
Zoona mayi, pamenepo mwakonza bwino.

Roadster58:
Mabatani aja ali ndi kadontho mbali imodzi. Kaloze kuti? Pa denga lakale ena aloza pansi ena m'mbali.

Mayi wa Upholstery:
Amenewo ndi Lift-the-Dot. Amagwira mbali zitatu ndipo amatseguka mukatukula mbali ya kadontho yokha. Ndiye kadontho kaloze kumlomo wa nsalu, kumene chala chimagwira, kutali ndi kumene nsalu ikukokera. Mukatembenuza, denga limadzimasula lokha pa liwiro, ndipo inu pomasula mumang'amba nsalu.

Poika: kokani nsalu pamwamba pa chikhomo cha pa bodi, paka choko pa mutu wa chikhomo, sindikizani, chizindikiro chitsale mkati. Tengani kambale kakumbuyo ka batani mukaike pa chizindikirocho ngati patani, mulembe bowo lapakati ndi timipata tinayi ta mano. Boolani lapakati ndi panchi pa thabwa lolimba, timipata tinayi ndi nsonga ya mpeni wopyapyala. Mano alowe kuchokera kunja, kambale mkati, pindani mano ndi pulayazi kapena kahamala. Batani limodzi, kolekani, kokani, lembani lotsatira. Musalembe onse kamodzi, chifukwa lililonse mukakoleka nsalu imasuntha. Gulani awiri kapena atatu apadera, mano amathyoka mukawapinda kawiri.

TS Triumph:
Ndalowa mochedwa. Zonse zanenedwazi zikugwiranso pa TR2 ndi TR3, kusiyana n'kwakuti pa Triumph denga limachoka pa felemu yake ndipo kutsogolo limakoleka pa mabatani a Tenax a pamwamba pa galasi, thabwa palibe. Tenax amamasuka mukakoka kamutu kake, osati nsalu. Amene mukufuna ma side screen akale a Triumph muonetsetse mabulaketi a pa chitseko chanu: oyamba ndi olowetsa ngati mphero, a TR3A am'mbuyo mwake ndi omanga ndi timabawuti totembenuza pang'ono totchedwa Dzus, ndipo sasinthana.

Funso langa ndi la mawindo okankha. A Perspex, pulasitiki yolimba ya acrylic, achita mizere ngati ukonde wa kangaude. Ena akuti ndiike polycarbonate poti sasweka. Maganizo anu?

Wa Magalasi:
Achimwene a Triumph, siyanitsani kaye zinthu ziwiri. Zokalika za pamwamba zimachoka: sandipepa wa madzi 1500, kenaka 2000, kenaka 3000, madzi ambiri, pomaliza polishi wa pulasitiki ndi nsalu yofewa. Koma ukonde wa kangaude uja uli mkati mwa pulasitiki, umanyezimira mukayang'anitsa padzuwa, ndipo chikhadabo sichiumva. Umenewo suchoka. Umabwera ndi thina, petulo, sipiriti, acetone kapena mankhwala otsukira magalasi a m'nyumba okhala ndi ammonia. Sinthani basi.

Ine ndikuti Perspex, ya mamilimita 3, ndipo yezani yakale ndi mpata wa njanji musanagule. Polycarbonate sasweka, zoona, koma ndi yofewa pamwamba. Windo lokankha limakhuzana ndi linzake ndi fumbi la m'njanji tsiku lililonse, ndiye imachita chifunga msanga ndipo kuipukuta kuti iwalenso n'kovuta. Yopanda chotchinga cha dzuwa imachitanso chikasu. Mu acrylic momwemo funsani cast (youmbidwa m'chikombole), osati extruded (yofinyidwa pa makina), chifukwa cast sisungunuka msanga pa sowo ndipo sithetheka wamba poboola.

Kudula: pepala lotchinga lisachoke mpaka ntchito itatha. Sowo ya mano aang'ono, pang'onopang'ono, pulasitiki itagona pa thabwa kuti isanjenjemere. Milomo muipale ndi fayilo, kenaka sandipepa 400, muzungulize makona. Kamng'alu kakang'ono pa mlomo ndiko kamadzayenda mpaka pakati. Poboola pa chogwirira, dirilo yatsopano yakuthwa imakoka n'kuswa potulukira. Ifafanizeni mano pang'ono pa mwala wonolera, ikani thabwa pansi, musasindikize. Bowo likule ndi milimita imodzi kuposa sikuluwu, ndipo likhale kutali ndi mlomo kosachepera kawiri kukula kwa bowolo.

Chimene ambiri amaiwala: acrylic imakula ndi kutentha, pafupifupi mamilimita 0.07 pa mita pa digiri iliyonse. Chidutswa cha theka la mita, kutentha kukakwera ndi madigiri 40, chakula ndi mamilimita 1.4, pamene felemu yachitsulo yangosuntha pang'ono. Mukadula chothina m'mawa, masana chagwira m'njanji kapena chapindika. Siyani mpata wa mamilimita 1.5 mpaka 2. Nsalu ya m'njanji ikhale yatsopano, ndipo mufewetse ndi silicone wouma, osati oyilo.

Sipanala 7/16:
Ine pa windo losayenda ndingalole polycarbonate yokhala ndi chotchinga cholimba pamwamba, makamaka galimoto yoyenda m'misewu ya miyala. Pa lokankha ndagwirizana nanu.

Wa Magalasi:
Pamenepo sitikangana. Koma a Roadster58 zimenezi sizikuwakhudza. MGA inayamba kukhala ndi mawindo okankha ngati wamba pa 1600 mu 1959, kupatula a felemu ya aluminiyamu amene ankabwera ndi hardtop, denga lolimba lochotseka. Awo a 1500 amafuna pulasitiki yosokeka, PVC yoonekera imene ku Britain amati Vybak. Ya mamilimita 0.5 imasokeka mosavuta koma imachita mafunde. Tengani ya 0.75. Yakale ija ngati ndi celluloid, muitaye kutali ndi kumene mukuwotcherera, imayaka ngati udzu wouma.

Telala wa Matenti:
Tsopano tafika pa side screen. Denga lili chikwezere, ikani felemu yopanda nsalu pa chitseko, tsekani. Yang'anani mpata kutsogolo ndi mzati wa galasi, pamwamba ndi mkombero wa denga, pansi ndi mlomo wa chitseko. Mpata wakutsogolo ukhale wofanana kuchoka pansi kufika pamwamba. Pokhotetsa, zulani felemu mupite nayo pa vaisi. Osakhotetsera pa chitseko, khungu la chitseko cha MGA ndi aluminiyamu, limabonyoka ndipo soketi imazuka.

Nsonga yapamwamba ya felemu muiweramitsire mkati pang'ono, mamilimita 5 kapena apo, kuti chitseko chikatsekeka izikankha denga. Pa liwiro mphepo yodutsa m'mbali imayamwira side screen kunja. Felemu yoima chilili imatseguka pamwamba n'kuyamba kuliza likhweru, mvula n'kulowa. Chitseko chitsekeke ndi kutseguka kakhumi popanda felemu kukola denga. Zikatheka, zulani mupente: mankhwala opha dzimbiri a phosphoric acid, pulayima ya epoxy, penti yakuda, ndipo iume sabata yathunthu. Penti yosauma imadyana ndi guluu ndi vinilo.

Patani: matani katoni yopyapyala pa felemu ili pa galimoto, mulembe milomo yotuluka kunja kwa chitsulo, wakutsogolo wogona pa mzati, wapamwamba wolowa pansi pa mkombero wa denga, ndi wam'munsi wophimba mlomo wa chitseko. Kumanja ndi kumanzere aliyense patani yake. Galimoto zimenezi sizifanana mbali ziwiri.

Zogula za awiri onse: nsalu yofanana ndi ya denga mita imodzi ndi theka ya mulifupi masentimita 137 kapena 140, Vybak mita imodzi kuti patsale yobwereza, guluu theka la lita, tepi yomata mbali ziwiri ya mamilimita 6, ndi ulusi wa bonded polyester V92. Ulusi wa thonje umawola, wa nayiloni umapsa ndi dzuwa. Makina akhale a walking foot, aja a phazi loyenda lokoka nsalu, singano 135x17 saizi 120 kapena 125. Singano ya zikopa yokhala ndi nsonga ngati mpeni ayi, imacheka vinilo. Msoko utalike mamilimita 5 mpaka 6. Msoko wothinana umasandutsa pulasitiki kukhala ngati pepala la lisiti, longodikira kung'ambidwa.

Chinsinsi cha windo losachita mafunde n'chakuti bowo la windo limadulidwa pomaliza. Ngati mukufuna mlomo wopinda ngati wa fakitale, lembani bowo, dulani mosiya mamilimita 10 opindira mkati, cheka timano m'makona, pindani ndi guluu, koma chitani zimenezi nsalu itamatidwa ndi tepi pa tebulo kuti isatayike mawonekedwe. Njira yosavuta kwa woyamba: matani Vybak pa nsalu yathunthu ndi tepi ija, sokani mozungulira, kenaka mudule nsalu ya pakati ndi sizasi ya nsonga yobuntha, mutalowetsa katoni pakati kuti musakale pulasitiki. Mapini osagwiritsa ntchito, bowo pa vinilo silitsekeka. Gwiritsani zopanira mapepala. Pulasitiki ikamamatirira pa makina, yalani pepala lopyapyala pansi, mudzalithothola pambuyo.

Felemu imalowa pakati pa nsalu yakunja ndi yamkati. Sokani kaye zonse zimene mungathe felemu isanalowe, chifukwa chitsulo sichipinda kuti chidutse pakhosi pa makina. Msoko wotsatira chitsulo umafuna phazi la zipi ndi munthu wachiwiri wonyamula felemu. Apa pitani pang'onopang'ono, m'makona muziyendetsa gudumu ndi dzanja. Singano ikagunda chitsulo imathyoka n'kuuluka, valani magalasi.

Mayi wa Upholstery:
Kuwonjezera pa msoko: pomaliza musabwerere m'mbuyo pa pulasitiki. Siyani ulusi wautali, kokerani mkati, mangani mfundo, wotchani nsonga. Ndipo pa hinji ya kachitseko nsalu musaikoke kwambiri. Yesani kachitseko katatseguka mpaka mapeto musanamate, apo ayi nsalu imalimbana ndi sipuling'i, kachitseko n'kumakhala kukamwa yasa.

Roadster58:
Ndamva. Nanga zonsezi zikatheka, mvula sidzalowanso?

Sipanala 7/16:
Walira mvula walira matope, bambo. Mwagula roadster ya 1958. MG anasiya ma side screen pa MGB mu 1962, Triumph pa TR4 mu 1961, ndipo sanawasiye chifukwa ankatseka bwino. Ntchito yabwino imakufikitsani poti mvula wamba mumayenda osanyowa, koma ya mkuntho timadontho tidzalowa pa kona ya mzati ndi pa kachitseko. Chofunika n'chakuti madzi olowawo atuluke. Pansi pa MGA ndi matabwa a plywood, ndiye kapeti ikhale yochotseka, matabwa apakidwe penti mbali zonse ndi m'milomo, ndipo timabowo ta pansi pa zitseko tikhale totseguka. Pisani kawaya muone. Madzi akagona m'chitseko, pokumana aluminiyamu ndi chitsulo pamatuluka ufa woyera, penti n'kuyamba matuza m'munsi.

Poyesa, munthu mmodzi akhale mkati ndi tochi, wina athire madzi ndi paipi yopanda mphamvu, kuyambira pansi kukwera pamwamba, malo amodzi mphindi ziwiri. Mukayambira pamwamba simudziwa polowera. Makina opopera mwamphamvu a kotsukitsa galimoto asayandikire.

TS Triumph:
Ndipo tonneau, nsalu yophimba mipando denga likakhala lotsitsa, musaiiwale. Masiku ambiri ndi imene imagwira ntchito kuposa denga. Poitanitsa nenani kuti chiwongolero chili kumanja, chifukwa thumba la chiwongolero ndi zipi zimatsata mbali. MGA zambiri zinapita ku America, choncho zambiri zogulitsidwa ndi za kumanzere. Poika tsekani zipi kaye, yambani ndi mabatani apakati kutsogolo ndi kumbuyo, kenaka m'mbali. Zipi muzipaka kandulo.

Mayi wa Upholstery:
Kasungidwe, poti ma side screen ambiri amafera m'thumba osati pamsewu. Malo ake pa MGA ndi thumba la kuseri kwa mipando. Pakati pa awiriwo ikani nsalu yofewa, flannel kapena thawulo lakale, chifukwa bulaketi ya imodzi imakanda windo la inzake, ndipo PVC ziwiri zikagundana pa kutentha zimamatirirana. Musawaike ali onyowa. Denga nalo musalipinde lili lonyowa, limachita chuku mkati ndipo windo limayera ngati mkaka. Popinda masulani mabatani onse kaye, ndipo mzere wopindira udutse pa nsalu, osati pa windo. Kukazizira kwambiri Vybak imauma, mukaipinda imathetheka.

Kutsuka: tsanulirani madzi ambiri kuti fumbi lichoke musanagwire ndi nsalu, kenaka sopo wofatsa. Sopo waufa wochapira zovala ayi. Windo musalipukute lili louma. Mohair ndi double duck zimafuna mankhwala oletsa madzi monga Renovo kapena Fabsil madzi akasiya kuchita timikanda pamwamba, koma asagwere pa windo kapena pa penti. Vinilo safuna zimenezo, kupatula pa misoko ngati ikudontha: pakani mankhwala otseka misoko, seam sealer, mkati ndi kabulashi kakang'ono.

Roadster58:
Ndayeza galasi madzulo ano. Kumanja 6 mamilimita kuposa kumanzere. Ndavulanso side screen ya kumanzere, mpiringidzo wam'munsi wadyeka pafupi ndi pini.

Sipanala 7/16:
Ndiye mwaona. Galasi liyambe. Masulani mizati yonse iwiri ndi zogwirira, osati mbali yolakwika yokha, mugawane kusiyanako, ndipo thabwa la denga likhale pafupi muyese ngati zikhomo zikulowabe m'mabowo ake musanamange. Pa pini: musanadule chitsulo chodyekacho, gonekani felemu pa plywood, zungulizani ndi pensulo, boolani pamene pini yagwera ndipo mulembe kupendekeka kwake. Mukawotcherera, gwirizani ndi timadontho tiwiri tokha, mupite nayo pa chitseko muyese mu soketi, m'pamene mumalize. Phimbani penti ya chitseko ndi tepi ya pepala kawiri musanayandikire ndi chitsulo chosapala.